Kuphunzitsa Ana Makhalidwe Abwino Popanda Chikwapu

Achinyamata anzathu a m'makalabu a kwa Chiwalo, ambiri a inu mukulera ana ngakhale simunabereke. Bambo akapita ku nyanja ya Chilwa kukapha matemba ndi milamba, mayi akalawirira kumunda wa nandolo kapena kumsika, amene amatsala ndi ana pakhomo ndinu. Ena mukukhala ndi agogo okalamba chifukwa makolo anatisiya, ndipo ntchito yosambitsa, kudyetsa ndi kulangiza ang'ono anu ili m'manja mwanu.

Ntchito imeneyi si yamasewera. Mwana amakana kusamba m'manja, amathawa mankhwala, amadzigwetsa pansi pamsika, ndipo wolera akatopa amathyola kamtengo. M'nkhani ino tikufotokoza njira zina zophunzitsira mwana, zomwe akatswiri a maganizo ndi khalidwe la munthu anazifufuza kwa zaka zambiri. Njirazi sizilira ndalama. Zimagwira ntchito pa mjigo, pa mphasa, pa mkeka wodyera ndi pa khomo la chimbudzi.

Kodi nzeru zimenezi zinachokera kuti?

Katswiri wina wa ku America, B. F. Skinner, yemwe anabadwa mu 1904 ndi kumwalira mu 1990, anakhala zaka zambiri akuonetsetsa mmene makoswe ndi nkhunda zimaphunzirira. Iye anapeza mfundo imodzi yaikulu: chimene chimachitika khalidwe likangochitika ndicho chimalikulitsa kapena kulifooketsa. Khalidwe likatsatidwa ndi chinthu chokoma, limabwerezedwa. Likapanda kubweretsa phindu lililonse, limazilala pang'onopang'ono. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, akatswiri ena anayamba kugwiritsa ntchito mfundoyi pophunzitsa ana m'sukulu ndi m'makomo, kuphatikizapo ana olumala ndi ochedwa kuphunzira.

Mwina mukuganiza kuti izi ndi za azungu. Ayi. Ku South Africa, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, bungwe la UNICEF ndi masukulu aukachenjede anakonza maphunziro a makolo otchedwa Sinovuyo, omwe ali ndi mfundo zonga zomwezi. Atawayesa pa mabanja 552 m'madera 40 a chigawo cha Eastern Cape, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti nkhanza kwa ana zinachepa m'mabanja amene anaphunzira. Ngakhale makolo athu akale ankadziwa mbali ina ya nzeruzi pamene ankati m'mera mpoyamba.

Yang'anani zinthu zitatu

Musanayambe kukonza khalidwe la mwana, khalani kaye ngati wofufuza. Dzifunseni mafunso atatu awa:

1. Kodi chinachitika n'chiyani mwanayo asanachite zimenezi?
2. Kodi wachita chiyani kwenikweni?
3. Nanga atachita zimenezo, wapeza chiyani?

Tiyeni tione chitsanzo. Mlongo wanu wa zaka zinayi waona zitumbuwa pamsika. Wayamba kulira ndi kudzigubuduza m'fumbi. Inu mwachita manyazi ndi maso a anthu, ndipo mwamugulira. Kuona zitumbuwa ndi choyambitsa, kudzigubuduza ndi khalidwe, ndipo chitumbuwa ndi malipiro ake. Mwanayo waphunzira kuti kulira kumagula zitumbuwa. Inunso mwaphunzira kuti kugula kumaletsa phokoso. Nonse awiri mudzabwereza zomwezo tsiku la msika lotsatira.

Onaninso kuti funso lachiwiri likufuna zimene maso aona. Mawu akuti “ndi wamwano” kapena “ndi waulesi” satithandiza, chifukwa sitingawerenge mwano. Koma tikanena kuti “akaitanidwa kukasamba amathawira kuseri kwa nkhokwe,” tapeza chinthu chimene tingathe kuchiwerenga ndi kuchisintha.

Kawirikawiri mwana amachita zovuta pofuna chimodzi mwa izi: kuti wina amuyang'ane, kuti apeze chinthu, kuti athawe ntchito, kapena chifukwa chinthucho chikungomusangalatsa. Mukadziwa chimene akufuna, mungathe kumuphunzitsa njira yabwino yochipezera.

Mfundo yoyamba: nenani chimene mukufuna

Ana amamva mawu akuti “usatero” kuyambira m'mawa mpaka usiku. Vuto ndi lakuti mawuwa sauza mwana choti achite. M'malo monena kuti “usamadye ngati galu,” nenani kuti “khala pa mkeka, mbale ikhale patsogolo pako.” M'malo mokuwa muli kukhitchini, pitani pafupi, njutani kuti maso anu alingane ndi ake, mutchuleni dzina, ndipo nenani chinthu chimodzi chokha. Mukatero dikirani pang'ono. Mwana wamng'ono sangasunge malamulo anayi nthawi imodzi.

Konzaninso malo kuti khalidwe labwino likhale losavuta. Ngati sopo ali pamwamba poti mwana safikira, kusamba m'manja kwalephereka kale. Ngati neti imapachikidwa usiku mumdima aliyense atatopa, masiku ena sidzapachikidwa. Itsitseni kukadali kowala.

Mfundo yachiwiri: gawani ntchito m'tizigawo

Zimene ife akuluakulu timaziona ngati ntchito imodzi, kwa mwana ndi ntchito zambiri zolumikizana. Tengani kusamba m'manja pa mpondagiya. Pali kuponda kamtengo, kunyowetsa manja, kupaka sopo, kutikita zikhatho, kuseri kwa manja ndi pakati pa zala kwa masekondi osachepera 20, kutsukuluza, ndi kuumitsa manja pamphepo osapukutira pa malaya. Ndi magawo asanu ndi limodzi. Mwana akalephera, onani gawo limene lamuvuta ndipo phunzitsani lomwelo.

Nkhani ya kusamba m'manja si yaing'ono kwa ife okhala kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, zimbudzi zambiri m'boma la Phalombe zinagwa. Mwana amene anazolowera kusamba m'manja pochoka kuchimbudzi ndiponso asanadye amakhala ndi chitetezo chimene amayenda nacho kulikonse.

Pali njira ina yosangalatsa: kuyambira kumapeto. Pophunzitsa mwana kuvala malaya, muvekeni inu mpaka patsale kungokokera malayawo pansi, ndipo gawo lomalizalo achite yekha. Akalidziwa, musiyireni magawo awiri omaliza, kenako atatu. Ubwino wake ndi wakuti tsiku lililonse mwana ndiye amamaliza ntchito, ndipo amamva kukoma kwa kutha chinthu. Chitani chimodzimodzi potsuka mbale, popinda zofunda kapena pokhwinyira neti kunsi kwa mphasa.

Mfundo yachitatu: thandizani, kenako bwererani m'mbuyo

Pa masiku oyamba gwirani manja a mwana ndi kuchita naye limodzi. Akayamba kuzolowera, siyani kumugwira ndipo muzingomuonetsa. Kenako muzingoloza ndi chala. Pomaliza khalani chete ndi kuona ngati akumbukira yekha. Ndi mmene timaphunzitsirana njinga: timagwira chishalo, timathamanga pambali, kenako timasiya.

Olera ambiri amalakwitsa mbali ziwiri. Ena amangolamula osathandiza, mwana nalephera, nayamba kudana ndi ntchitoyo. Ena amathandiza mpaka kalekale, moti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amadikirabe kuuzidwa chilichonse. Thandizo labwino ndi limene likuchepa sabata ndi sabata.

Mfundo yachinayi: mugwireni akuchita zabwino

Tonsefe tili ndi maso akuthwa poona zolakwa. Mwana akakhala phee akusewera bwino ndi mng'ono wake, palibe amene amalankhula naye. Akangomutsina, nyumba yonse imatembenuka. Ndiye mwana amene akufuna kuonedwa asankha chiyani?

Tembenuzani zimenezi. Muzifunafuna nthawi imene akuchita bwino, ndipo muyamikireni motere:

• Msanga. Kuyamikira kwa madzulo pa chinthu chimene chinachitika m'mawa sikuphunzitsa mwana wamng'ono.
• Motchula chimene wachita. “Wachita bwino, wasamba m'manja ndi sopo usanakhudze nsima” ndi mawu ophunzitsa kuposa kungoti “ndiwe mwana wabwino.”
• Popanda mchira. Mukanena kuti “lero wayesako, osati zauve zako za dzulo zija,” mwapereka ndi dzanja lamanja ndi kulanda ndi lamanzere.

Mphotho siyenera kukhala ya ndalama. Kumwetulira, kuwomba m'manja, kumunyamula, kumuuza nthano madzulo, kusewera naye bawo kapena mpira wachikulunga, kumukweza njinga popita kuchigayo, kapena kuuza agogo iye akumva kuti “lero mdzukulu wanu watsuka yekha mbale yake,” zonsezi ndi mphotho zamphamvu. Kwa ana okulirapo, ikani njere ya chimanga m'botolo nthawi iliyonse akachita chimene mwagwirizana. Njere zikakwana zisanu, alandire chimene munalonjeza. Njere imene wapata musamulande, ngakhale alakwe pambuyo pake.

Ena amafunsa kuti, “Kodi chimenechi si chiphuphu?” Kusiyana kulipo. Chiphuphu chimaperekedwa mwana ali pakati povuta kuti asiye, monga chitumbuwa chija. Mphotho imabwera pambuyo pa khalidwe labwino. Ndipo siikhala mpaka muyaya. Poyamba yamikirani nthawi iliyonse. Khalidwe likakhazikika, muziyamikira mwa apo ndi apo, mpaka chizolowezi chiime pachokha.

Mfundo yachisanu: ntchito kaye, zokoma pambuyo

Mu 1959 katswiri wina, David Premack, anaonetsa kuti chinthu chimene munthu amachikonda chingathe kulimbikitsa chimene sachikonda, ngati chokondedwacho chibwera pambuyo. Azigogo athu akhala akuchita zimenezi osadziwa dzina lake. “Sesa kaye pabwalo, ukatero upite ku phada.” “Lemba kaye ntchito ya kusukulu, kenako ukaonere mpira.” Mukasinthanitsa, n'kunena kuti “pita ukasewere koma ukabwere udzasese,” mwagulitsa mbuzi pa ngongole. Onetsetsaninso kuti lonjezo lanu mwalisunga. Mwana amene wanamizidwa kawiri sakhulupiriranso.

Mfundo yachisanu ndi chimodzi: khalidwe loipa lisapindule

Tibwerere ku zitumbuwa zija. Musananyamuke pakhomo, muuzeni mwana kuti, “Lero tikukagula mchere ndi tomato basi. Ukayenda nane bwinobwino, pobwera ndikubereka.” Akayamba kulira pamsika, khalani naye pafupi kuti asavulale, koma musakangane naye, musamunyoze, ndipo musagule. Akangotonthola, lankhulani naye mokoma.

Tikuchenjezeni pasadakhale: masiku oyamba kulira kudzakula. Izi n'zodziwika kwa akatswiri, ndipo sizitanthauza kuti njirayo yalephera. Mwana akuyesa mwamphamvu chida chimene chinkamugwirira ntchito kale. Choopsa ndi kugonja pakati panjira. Taganizirani msodzi wa mbedza. Sikuti amakola nsomba nthawi iliyonse akaponya, koma chifukwa nthawi zina amakola, amakhala pamadzi tsiku lonse. Mwana amene amapatsidwa chinthu nthawi zina akalira kwambiri amasanduka msodzi wotere. N'chifukwa chake a pabanja ponse, agogo, amalume ndi azakhali, ayenera kumvana chimodzi.

Koma samalani. Sitinyalanyaza mwana amene akulira chifukwa cha njala, matenda, ululu kapena mantha. Khanda likalira limafuna kunyamulidwa. Sitinyalanyazanso khalidwe loopsa, monga kusewera ndi moto, kuyandikira chitsime kapena kumenya mnzake. Pamenepo muchotseni msanga, muuzeni mwachidule chifukwa chake, ndipo chilango chigwirizane ndi cholakwacho. Wagenda mnzake ndi mpira, mpirawo usungidwe kwa kanthawi. Watayira dala madzi, akuthandizeni kukatunga ena molingana ndi msinkhu wake.

Nanga chikwapu chalakwa chiyani?

Kafukufuku amene boma la Malawi linachita mu 2013 mothandizana ndi UNICEF anapeza kuti mwa achinyamata a zaka 18 mpaka 24, atsikana awiri mwa asanu alionse ndi anyamata pafupifupi awiri mwa atatu alionse anachitidwapo nkhanza zomenyedwa asanakwane zaka 18. Ambiri a ife tinakula choncho, ndipo n'zosadabwitsa kuti dzanja limathamangira kamtengo.

Chikwapu chimaletsa khalidwe pa nthawi yomweyo, ndipo n'chifukwa chake womenya amaganiza kuti chagwira ntchito. Koma sichiphunzitsa mwana choyenera kuchita. Chimamuphunzitsa kubisa, kunama ndi kudikira kuti wamkulu achoke. Chimamuphunzitsanso kuti wamphamvu amamenya wofooka, ndipo mawa iye adzamenya mng'ono wake. Choopsa kwambiri n'chakuti mwana woopa womulera saulula akakumana ndi zoipa kunjira.

Malamulo a dziko lino, potsatira kusintha kwa mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka udindo kwa makolo ndi olera woteteza mwana ku nkhanza ndi kusasamalidwa. Anzathu a ku Zambia anakhazikitsa lamulo loletsa chilango chomenya ana mu 2022, ndipo ku South Africa khoti lalikulu linagamula zomwezo mu 2019.

Pali zilango zinanso zimene tiyenera kuzisiya: kumana mwana chakudya, kumutsekera kunja usiku, kumutcha mayina onyoza, ndi kumukumbutsa za umasiye wake. Musamuopsezenso ndi jakisoni kapena adokotala, chifukwa tsiku limene adzadwale adzakana kupita kuchipatala.

Mwana amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku

M'makomo ena muli ana amene amamwa mankhwala a ma ARV, a khunyu kapena a chifuwa chachikulu. Mankhwala otere safuna kudumphitsa, ndipo mfundo zonse tafotokozazi zimathandiza pamenepa.

Mangirirani mankhwala ku chinthu chimene chimachitika tsiku lililonse pa nthawi imene achipatala anakuuzani, monga kusukusula m'mawa. Malo akhale omwewo, kapu yomweyo, mawu omwewo. Mpatseni mwana mwayi wosankha pa zinthu zazing'ono: “Umwera kapu yofiira kapena yobiriwira?” Koma kumwa kapena kusamwa si nkhani yosankha. Akameza, muyamikireni pomwepo, ndipo achonge yekha tsikulo pa kalendala. Kalendalayo isungidwe pamalo osaonekera kwa alendo, chifukwa matenda a mwana ndi chinsinsi chake.

Musanamize mwana kuti mankhwala ndi switi, ndipo muwasunge poti ana safikira. Musaphwanye kapena kusakaniza mankhwala ndi chakudya musanafunse achipatala. Ngati mwana akukana kapena kusanza mobwerezabwereza, pitani ku chipatala cha Nambazo kapena china chimene muli nacho pafupi, kapena kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu.

Ana amasiyana

Mwana wolumala, wosamva kapena wochedwa kulankhula amaphunziranso ndi njira zomwezi, kungoti tizigawo timakhala tating'ono kwambiri ndipo kubwereza kumachuluka. Gwiritsani ntchito manja, zithunzi ndi zinthu zenizeni, monga kumuonetsa kapu pofuna kunena za kumwa. Olera ana a ku sukulu ya mkombaphala ya m'dera lanu angathe kugwirizana nanu kuti zimene akuphunzira pakhomo azizipezanso kumeneko.

Mwana amene waferedwa kapena wasamutsidwa kupita kwa achibale angathe kubwerera m'mbuyo, kuyambanso kukodza pogona kapena kukakamira wamkulu. Sachitira dala, ndipo kumuchititsa manyazi kumangowonjezera vuto. Chimene chimamukhazika mtima pansi ndi tsiku loyenda mwadongosolo lodziwika: nthawi yodya, yosamba ndi yogona zosasinthasintha.

Chomaliza, cholinga chathu si mwana womvera aliyense mwachimbulimbuli. Anthu ogwirira ana nawonso amagwiritsa ntchito masiwiti ndi ndalama. Phunzitsani ang'ono anu kuti mphatso imene yabwera ndi mawu akuti “usauze munthu” ndi yoopsa, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana munthu wamkulu amene akufuna kuwagwira malo obisika. Akakuuzani zotere, akhulupirireni ndi kuwayamikira chifukwa choulula. Kanenedwe kwa mfumu, kwa oteteza ana a m'dera kapena kupolisi. Mungathenso kuimba foni mwaulere pa nambala ya 116.

Zoti muchite pa kalabu yanu

1. Aliyense asankhe khalidwe limodzi lokha la mwana wa kwawo limene akufuna kuliphunzitsa. Alinene m'mawu osonyeza chimene mwanayo azichita.
2. Kwa masiku atatu asasinthe kanthu, angowerenga kuti khalidwelo lachitika kangati. Alembe mu kope kapena ndi khala pakhoma.
3. Kwa masabata awiri otsatira agwiritse ntchito mfundo za m'nkhaniyi, akupitiriza kuwerenga.
4. Pa msonkhano wotsatira yerekezani manambala. Ngati palibe kusintha, funsanani: kodi gawolo lakula kwambiri? Kodi kuyamikira kukuchedwa? Kodi wina pakhomo akugonja? Pokambirana musatchule matenda a mwana aliyense.
5. Konzani sewero lalifupi la mwana wa pamsika, kamodzi wolera akugonja, kamodzi akumenya, kamodzi akutsata njira yatsopano. Kaonetseni pa msonkhano wa makolo ndipo mufunse owonera kuti mwanayo waphunzira chiyani pa sewero lililonse.

Mafunso okambirana

• Ndi mawu ati oyamikira amene munauzidwapo muli ana omwe mukuwakumbukirabe?
• Kodi mungawafotokozere bwanji agogo kapena amalume njira zimenezi mwaulemu, popanda kuoneka ngati mukuwaphunzitsa kulera?
• Kodi anyamata ndi atsikana akupatsidwa ntchito za pakhomo mofanana?
• Mukapsa mtima kwambiri, mungachite chiyani musanakhudze mwana?

Pa funso lomalizali, ife tikuti: onetsetsani kuti mwana ali pabwino, tulukani panja, pumani mpweya kangapo, imwani madzi, ndipo mubwerere mtima utatsika. Kulera n'kotopetsa, ndipo kupempha mnzanu wa pa kalabu kapena mnansi kuti akugwirireni mwana kwa ola limodzi si kulephera. Mutu umodzi susenza denga.

Musayembekezere kusintha kwa tsiku limodzi. Yambani ndi mwana mmodzi, khalidwe limodzi, sabata ino. Ambiri a inu mudzakhala makolo m'zaka zikubwerazi, ndipo zimene mukuyesera lero pa ang'ono anu ndi zimene mudzalerere ana anu.